KAPU NDI SIKELO: PHUNZIRO LA MIYESO YA M'KHITCHINI



Chaka china gulu lathu linagwirizana zophika masikono ogulitsa kuti tipeze ndalama zoyendera odwala. Tinapeza pepala limodzi la kaphikidwe, n'kulikopera amayi atatu. Aliyense tinamugawira fulawa, shuga ndi majarini mofanana kuti akaphikire kwawo. M'mawa mwake madengu atafika, masikono a mayi woyamba anali ofewa bwino. A mayi wachiwiri anali ouma gwa, ngati miyala ya pagombe. A mayi wachitatu anali ophwatalala ndiponso owawa soda. Tinagulitsa dengu limodzi lokha, ndipo ndalama imene tinalowetsa sinabwerere. Choipa kwambiri chinali chakuti tinayamba kunong'onezana kuti mwina wina anabisa majarini.

Pamsonkhano wotsatira ndinapempha amayi atatu aja kuti aliyense abwere ndi kapu ndi supuni imene anayezera. Titaziika patebulo, tonse tinaseka mpaka misozi. Woyamba anabweretsa kapu yadothi yomwera tiyi. Wachiwiri anabweretsa chikapu chapulasitiki chomwera thobwa. Wachitatu anabweretsa kakapu kachitsulo ka mwana, koma supuni yake inali yaikulu yodyera phala, ndipo anathira soda pamene pepala linati baking powder. Panalibe wakuba. Pepala linangoti "makapu anayi a fulawa," ndipo aliyense anamvera mokhulupirika ndi kapu ya kunyumba kwake.

Phunziro lathu lachokera pamenepo. Cholinga chake ndi chakuti tidziwe kusiyana kwa muyeso wa kapu ndi muyeso wa sikelo, tidziwe kusintha makapu kukhala magalamu ndi magalamu kukhala makapu, ndiponso kuti gulu lililonse likhale ndi kapu yake imodzi yodziwika bwino. Mtsogoleri akonzeretu zinthu zimene zatchulidwa kumapeto, chifukwa phunziroli n'lochita ndi manja.

1. MAFUNSO AWIRI OSIYANA

Kapu, supuni, botolo, chigoba ndi ndowa zimayankha funso lakuti, "Kodi chinthuchi chatenga malo aakulu bwanji?" Yankho lake limakhala m'malita ndi mamililita. Lita imodzi ndi mamililita 1,000. Sikelo imayankha funso lina lakuti, "Kodi chinthuchi n'cholemera bwanji?" Yankho lake limakhala m'makilogalamu ndi magalamu. Kilogalamu imodzi ndi magalamu 1,000.

Ife a ku Ngara zimenezi timazidziwa ndi khosi lathu. Senzani ndowa ya usipa wauwisi kuchokera pagombe, mawa lake musenze ndowa yomweyo yodzaza usipa wouma wochokera pathandala. Ndowa ndi imodzimodzi, koma katundu ndi wosiyana kutali, chifukwa magawo oposa awiri mwa atatu a nsomba yaiwisi ndi madzi, ndipo dzuwa limawachotsa.

Madzi ndiwo amagwirizanitsa miyeso iwiriyi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo mililita imodzi imalemera galamu imodzi. Izi sizinangochitika mwamwayi. Anthu a ku France atakhazikitsa miyeso imeneyi mu 1795, anachita kutengera kulemera kwa galamu pa madzi. Vuto limabwera tikamaganiza kuti chilichonse chili ngati madzi. Lita ya mkaka imalemera pafupifupi ngati madzi, koma lita ya mafuta ophikira ndi magalamu 920 okha. N'chifukwa chake mafuta amayandama pamwamba pa msuzi. Lita ya uchi imafika magalamu 1,400, pamene lita ya fulawa ndi theka chabe la kilogalamu.

2. KODI NSIMA TIZIYEZANSO?

Ayi. Mayi wina anandifunsa kuti, "Amayi, agogo athu ankaphika opanda sikelo, nanga ife tavutiranji?" Funso lake linali labwino. Pophika nsima, kondowole kapena mbalagha, mphika umakhala pamaso pathu. Nsima ikafewa timawonjezera ufa, ndiwo zikachepa mchere timalawa n'kuthira wina. Dzanja, diso ndi lilime n'zokwanira.

Keke, sikono, buledi ndi chigumu n'zosiyana. Ukangotseka uvuni kapena kuika makala pachivundikiro, mpata wokonza watha. Zonse zimadalira kuti fulawa, madzi, mafuta, shuga ndi chofufumitsa zinali zolingana musanatseke. Fulawa akachuluka, chophikacho chimauma. Akachepa, chimaphwatalala kapena kutitimira pakati. Kuyeza kumafunikanso pamalo ena atatu: pophikira anthu ambiri, pophika zogulitsa, ndi pokonza chakumwa cha wodwala.

3. CHIFUKWA CHAKE KAPU IMODZI IMASINTHASINTHA

Ngakhale amayi awiri atabwerekana kapu imodzimodzi, fulawa wawo akhoza kusiyana kulemera. Zifukwa zake ndi izi.

Choyamba ndi mpweya. Pakati pa timibulu ta ufa pamakhala mpweya. Fulawa wosefa amakhala ndi mpweya wambiri, choncho amapepuka. Fulawa amene wakhalitsa pansi pa thumba amakhala wotsendereka. Mukathira fulawa m'kapu ya mamililita 250 ndi supuni pang'onopang'ono, amalemera pafupifupi magalamu 125. Mukamiza kapu yomweyo m'thumba n'kutunga, akhoza kufika magalamu 150 kapena kuposa.

Chachiwiri ndi kamulu ka pamwamba. Supuni yokhala ndi kamulu ikhoza kunyamula kuwirikiza kawiri supuni yosalaza. Pepala la kaphikidwe likangoti "supuni imodzi," limatanthauza yosalaza.

Chachitatu ndi kukula kwa timibulu. Mchere wosalala wa m'paketi umadzaza supuni mothinana, pamene mchere wamibulu umasiya mipata. Chimodzimodzi mgaiwa ndi ufa woyera salemera mofanana.

Chachinayi ndi chinyezi. Ufa umayamwa chinyezi cha mumpweya, makamaka kuno kunyanja nthawi ya dzinja. Fulawa wa mu Febuluwale safuna madzi ambiri ngati wa mu Okutobala. Choncho pokanda musathire madzi onse nthawi imodzi. Siyani pang'ono, muone mmene mtanda ukugwirira.

Kayezedwe koyenera ka fulawa ndi aka. Takasani fulawa ndi supuni kuti amasuke. Thirani m'kapu ndi supuni mpaka asefukire. Musagwedeze kapu, musatsendere. Kenaka dutsitsani msana wa mpeni pakamwa pa kapu kuti pasalale. Mukamachita chimodzimodzi nthawi zonse, kapu yanu idzayamba kunena zoona.

4. KAPU YA NDANI?

Masiku ano ana athu amatitumizira malangizo a kaphikidwe pa WhatsApp ndi Facebook kuchokera kumaiko osiyanasiyana. Dziwani kuti mawu akuti kapu satanthauza chimodzi paliponse. Ku South Africa ndi ku Australia kapu ndi mamililita 250. Ku America ndi pafupifupi mamililita 240. Anthu a ku America amakonda kuyeza ndi makapu, ndipo amene anafalitsa kwambiri mwambo wosalaza kapu ndi supuni anali mphunzitsi wa zophika wa ku Boston, Fannie Farmer, m'buku lake la mu 1896. Mabuku a ku Britain amakonda sikelo, ndipo akale ake analembedwa m'mapaundi ndi maaunsi.

M'phunziro lino tikati kapu tikunena ya mamililita 250. Supuni yaing'ono ya tiyi ndi mamililita 5. Supuni yaikulu ndi mamililita 15, kutanthauza masupuni aang'ono atatu. Ku Australia kokha supuni yaikulu ndi mamililita 20. Pa fulawa ndi shuga kusiyana kwa kapu ya 240 ndi ya 250 sikuononga chophika, bola mugwiritse ntchito kapu imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Amene muli ndi mabuku akale kapena makope amene munalemba kusukulu ya zapakhomo, sungani izi. Aunsi imodzi ndi magalamu 28. Paundi imodzi ndi maaunsi 16, kapena magalamu 454. Painti ya ku Britain ndi mamililita 568, koma ya ku America ndi mamililita 473.

5. MNDANDANDA WOTI MUKOPERE

Manambala awa ndi a kapu yosalaza ya mamililita 250. Ndi oyandikira chabe, chifukwa katundu amasiyana, koma ndi poyambira pabwino.

Madzi: magalamu 250
Mkaka wamadzi: magalamu 255
Mafuta ophikira: magalamu 230
Majarini: magalamu 230
Uchi: magalamu 350
Shuga: magalamu 200
Mpunga wopuntha wosaphika: magalamu 200
Fulawa wa tirigu: magalamu 125
Ufa wa chimanga: magalamu 130 mpaka 160, malinga ndi kagayidwe

Pa supuni yaing'ono yosalaza:

Mchere wosalala: magalamu 6
Shuga: magalamu 4
Soda: magalamu 5
Baking powder: magalamu 4
Yisiti youma: magalamu 3

Taonani kuti kapu ya shuga imalemera kuposa kapu imodzi ndi theka ya fulawa, ndipo kapu ya uchi imatsala pang'ono kufanana ndi makapu atatu a fulawa. Amene amati "kapu ndi magalamu 250" pa chilichonse amathira fulawa wochepa ndi theka.

Ufa wa kondowole, nsinjiro ndi ufa wa soya sindinaziike pamndandanda chifukwa zimasiyana kwambiri malinga ndi chigayo, mtondo ndi sefa. Zimenezi muyeze nokha monga ndifotokozere m'munsimu.

6. MASAMU AKE NDI AWIRI OKHA

Musaope masamu, amayi. Ndi omwe aja timachita pamsika.

Lamulo loyamba: pepala likanena magalamu koma inu muli ndi kapu, gawani magalamuwo ndi kulemera kwa kapu imodzi. Pepala lati fulawa magalamu 500. Gawani 500 ndi 125, yankho ndi makapu 4. Pepala lati shuga magalamu 300. Gawani 300 ndi 200, yankho ndi kapu imodzi ndi theka.

Lamulo lachiwiri: pepala likanena makapu koma inu mukufuna kudziwa zokagula kugolosale, chulukitsani makapuwo ndi kulemera kwa kapu imodzi. Pepala lati makapu 6 a fulawa. Chulukitsani 6 ndi 125, yankho ndi magalamu 750. Ndiye kuti paketi ya kilogalamu imodzi ikwana, n'kutsalako makapu awiri.

Tiyeni tiyese ndi buku lakale. Lati paundi imodzi ya fulawa, maaunsi 8 a shuga, maaunsi 4 a majarini. Fulawa ndi magalamu 454, omwe ndi makapu atatu ndi theka ndi masupuni aakulu awiri. Shuga ndi magalamu 227, omwe ndi kapu imodzi ndi masupuni aakulu awiri. Majarini ndi magalamu 113, omwe ndi theka la kapu.

Nanga kapu yanu ikakhala ya mamililita 300? Kumbukirani kuti kulemera kwa fulawa ndi theka la mamililita ake. Kapu ya 300 imanyamula fulawa magalamu 150. Choncho pa magalamu 500 muthira makapu atatu ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a kapu, osati anayi. Apa ndi pamene mnzathu wa chikapu cha thobwa uja anagwera.

Mawu apadera pa zofufumitsa, chifukwa m'pamene kalakwidwe kakang'ono kamaononga zambiri. Soda ndi baking powder si chinthu chimodzi. Soda ndi wamphamvu pafupifupi katatu, ndipo amafuna chowawasa monga chambiko kapena madzi a ndimu kuti agwire ntchito. Pa kapu imodzi ya fulawa, supuni yaing'ono imodzi ya baking powder imakwana. Ngati ndi soda, kota ya supuni yaing'ono ndi yokwanira. Soda akachuluka, chigumu chimafiira m'kati n'kumamveka ngati sopo. Kapaketi ka yisiti ka magalamu 10 ndi pafupifupi supuni yaikulu imodzi. Kutentha kwa kuno ku Karonga kumafufumitsa mtanda msanga, choncho palibe chifukwa chowonjezera yisiti.

7. NGATI MULIBE SIKELO

Ambiri mwa ife tilibe sikelo ya m'khitchini, koma m'nyumba zathu muli zinthu zoyezedwa kale kufakitale.

Kuti mudziwe kukula kwa kapu yanu, tengani botolo lamadzi la mamililita 500. Thirani madzi kulekeza pamene amalekezera likakhala latsopano, osati mpaka pakamwa. Madziwo akadzaza kapu yanu kawiri ndendende, kapuyo ndi ya 250. Botolo lagalasi la Fanta kapena Coca-Cola ndi la mamililita 300. Kapu yanu ikameza botolo lonselo, dziwani kuti ndi yaikulu. Mukhoza kuthiramo theka la botolo la 500 lija n'kulemba mzere pamene madzi alekezera, kuti muziyezera pamzerepo.

Kuti mudziwe kukula kwa supuni, gulani sirinji yatsopano ya mamililita 5 yopanda singano kusitolo ya mankhwala, kapena tengani kakapu koyezera kamene kamabwera ndi mankhwala amadzi a ana. Yesani masupuni onse a m'nyumba. Mudzadabwa kuona kuti ena amalowa mamililita 3 okha, ena mpaka 7. Imene yakwana 5 muimange kaulusi pachogwirira, ikhale yoyezera basi.

Kuti mudziwe kulemera kwa kapu yanu, tsegulani paketi yatsopano ya kilogalamu imodzi, muwerenge makapu osalaza amene atulukemo. Shuga akatuluka makapu 5, kapu yanu ndi magalamu 200 a shuga. Fulawa akatuluka makapu 8, ndi magalamu 125. Akatuluka 7, gawani 1,000 ndi 7, mupeza pafupifupi magalamu 143.

Pa ufa wa kondowole, mgaiwa kapena nsinjiro, yezani makapu khumi m'jumbo, mukapemphe wagolosale kuti akuikireni pasikelo, kenaka mugawe yankho ndi 10. Tikutero chifukwa masikelo opachika saona bwino zinthu zopepuka. Kapu imodzi singano yake singasunthe, koma makapu khumi amaoneka.

Majarini ndi ovuta kuika m'kapu. Njira yapafupi ndi kudula. Chidina cha magalamu 500 mukachidula pakati ndi 250, mukadulanso pakati ndi 125.

Gulu limene lingathe lisonkhe ndalama ligule sikelo imodzi yaing'ono yamabatire, izisungidwa ndi msungichuma. Poigwiritsa ntchito, ikani mbale yopanda kanthu, dinani batani lobwezera manambala pa 0, kenaka thirani katundu. Mukaiwala zimenezi, muyeza ndi mbale yomwe.

8. PANG'ONOPANG'ONO NDI MTOLO

Amayi ambiri m'magulu mwathu amalipirira ana sukulu ndi mandasi. Tiyerekeze kuti mayi amakanda kilogalamu imodzi ya fulawa patsiku, makapu 8. Ngati amatunga ndi kapu m'thumba, kapu iliyonse ndi magalamu 150, ndipo makapu 8 ndi magalamu 1,200. Tsiku lililonse magalamu 200 amapita osawadziwa. Pamasiku asanu, kilogalamu yathunthu yapita. Thumba la makilogalamu 25 limene likanakwana masiku 25 limatha pa tsiku la 21. Iye amadula mandasi ochuluka chimodzimodzi, amagulitsa mtengo womwewo, koma mandasiwo amakhala olimba ndipo ogula amadandaula. Mapeto ake amati geni siikuyenda, kapena amayamba kukayikira ana ndi oyandikana nawo, pamene wakuba ali m'kabati momwemo.

Mayi wageni alembe m'kope kuti mtanda umodzi umalowa magalamu angati a fulawa, shuga ndi mafuta, ndiponso umatulutsa mandasi angati. Popanda zimenezi sangadziwe ngati akupindula.

9. CHIGOBA, NDOWA NDI THUMBA

Nkhani yomweyi timakumana nayo pogula zakudya za misonkhano. Mpunga wa Kilombero wochokera kumasikimu a Hara, Wovwe ndi Lufilya timaugula ndi chigoba kapena ndowa, koma ndalama timawerengera pa kilogalamu. Chigoba cha malita 5 si makilogalamu 5. Lita ya mpunga wopuntha ndi pafupifupi magalamu 800, choncho chigoba chosalaza ndi makilogalamu 4, ndipo ndowa ya malita 20 ndi pafupifupi makilogalamu 16.

Tiyerekeze kuti tikulandira amayi 80, ndipo aliyense tamuwerengera magalamu 125 a mpunga wosaphika. Tikufunika makilogalamu 10. Wotumidwa akagula zigoba ziwiri poganiza kuti zakwana 10, wabweretsa makilogalamu 8 okha. Awiri operewerawo ndi chakudya cha amayi 16, ndipo kawirikawiri ogona ndi njala amakhala ophika omwe. Zofunika ndi zigoba ziwiri ndi theka.

Mpunga wosapuntha ndi wopepuka kuposa pamenepa chifukwa cha mankhusu. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 11 kapena 12, ndipo mukapita nawo kuchigayo, pa makilogalamu 10 alionse mumabwerako ndi 6 kapena 7. Chimanga chouma m'ndowa yomweyo ndi pafupifupi makilogalamu 15 chikakhala chosalaza, ndipo chimaposa pamenepo chikakhala ndi mulu. N'chifukwa chake timati ndowa zitatu zamulu zimadzaza thumba la makilogalamu 50. Musanagule, gwirizanani kaye ngati muyeso ndi wosalaza kapena wamulu. Safunsa anadya phula.

Ngakhale boma limaidziwa nkhani imeneyi. Ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba ikamachita kafukufuku wa zakudya m'mabanja, imasintha ndowa, mbale ndi milu kukhala makilogalamu. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, ndilo limayendera masikelo a malonda kuti aone ngati akunena zoona.

Tisaloze ena okha chala. Ambiri mwa ife timagulitsanso. Tonse tamvapo za ndowa yofutukulidwa ndi madzi otentha yogulira kwa alimi, ndi mbale yophwanyidwa pansi yogulitsira. Werengani pamodzi Deuteronomo 25:13-15, pamene Mulungu akuletsa kusunga miyeso iwiri m'nyumba imodzi, waukulu ndi waung'ono. Mayi wovala yunifolomu ya mpingo adziwike pamsika kuti chigoba chake chogulira ndi chomwecho chogulitsira. Mbasela ndi mphatso yochokera mumtima, koma isakhale yophimbira muyeso woperewera.

10. PAMENE MUYESO UKUKHUDZA MOYO

Zaka zimene ndinagwira ntchito ya unamwino zinandiphunzitsa kuti diso limanama. N'chifukwa chake timapita ndi ana kusikelo mwezi ndi mwezi, osangowayang'ana n'kunena kuti anenepa. M'khitchini mulinso miyeso imene siifuna kungoganizira.

Woyamba ndi wa madzi a Thanzi ORS a munthu wotsekula m'mimba. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala. Lita ndi mabotolo awiri a 500, kapena makapu anayi a 250. Ndinaonapo mayi atathira paketi yonse m'kapu imodzi kuti mankhwala akhale amphamvu. Ankachita mwa chikondi, koma madzi otere amakhala ndi mchere wowirikiza kanayi, ndipo amatha kumuwonjezera mwana vuto mpaka kukomoka. Madzi akachulukanso mopitirira, mphamvu yake imachepa. Otsala pakatha maola 24 atayidwe, mukonze ena.

Ngati paketi palibe, pokonzekera ulendo wa kuchipatala sungunulani masupuni aang'ono 6 osalaza a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Taonani kufunika kwa supuni yathu yomanga ulusi ija. Lawani, asawawe mchere kuposa misozi. Zimenezi n'zothandiza panjira chabe, wodwala apite kuchipatala msanga. Sitinaiwale kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo inavutitsa kwambiri maboma a m'mbali mwa nyanja.

Wachiwiri ndi wa mchere wa m'ndiwo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku. Umenewu ndi wosakwana n'komwe supuni yaing'ono imodzi yosalaza, kuphatikizapo wa mu usipa wothira mchere, buledi ndi tizidutswa tokometsera ndiwo. Amene muli ndi matenda othamanga magazi, yesani tsiku limodzi kuthira m'supuni mchere umene mumatapa ndi zala, muone kuchuluka kwake.

Wachitatu ndi wa phala la ana. Likuni Phala wopanga pakhomo amafuna magawo anayi a chimanga ndi gawo limodzi la soya wokazinga. Pano kapu iliyonse ingagwire ntchito, yaikulu kapena yaing'ono, chifukwa chimanga ndi soya zisanagayidwe zimalemera pafupifupi mofanana, ndipo chofunika ndi kulingana kwa magawo. Bola kapu ikhale imodzi. Mukayeza chimanga ndi chikapu chachikulu, soya ndi kakapu kakang'ono, mwana wamanidwa chakudya chokulitsa thupi.

ZOCHITA PAGULU

Mtsogoleri abweretse paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi, paketi ya fulawa, botolo la mamililita 500, sirinji yatsopano, mpeni, beseni loyera, ndi sikelo ngati ingapezeke. Mayi aliyense abwere ndi kapu ndi supuni imene amayezera kwawo, ndi kope.

1. Yezani makapu onse ndi madzi, muwandandalike kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu.
2. Amayi atatu ayeze fulawa ndi kapu imodzimodzi: wina atunge, wina atsendere, wina athire ndi supuni n'kusalaza. Khuthulani milu itatu, muiyerekeze.
3. Sankhani kapu imodzi ya mamililita 250 ndi supuni imodzi ya mamililita 5 kuti zikhale za gulu. Zilembeni chizindikiro.
4. Phikani masikono ndi miyeso iyi: fulawa magalamu 500, majarini magalamu 125, shuga magalamu 50, baking powder masupuni aang'ono 4, mchere theka la supuni yaing'ono, dzira limodzi, ndi mkaka wosapitirira kapu imodzi. Musanayambe, aliyense asinthe magalamuwo kukhala makapu m'kope mwake. Mayankho ndi makapu 4 a fulawa, theka la kapu ya majarini ndi pang'ono pamwamba, ndi kota ya kapu ya shuga.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi ndi zakudya ziti zimene mumaphika bwino popanda kuyeza, ndipo ndi ziti zimene zimakukanikani kawirikawiri? N'chifukwa chiyani?
2. Gulu lanu likulandira alendo 40. Pa magalamu 125 munthu aliyense, mugula makilogalamu angati a mpunga? Nanga ndi zigoba zingati?
3. Kodi pamsika wa kwanu amagwiritsa ntchito miyeso yanji? Ndani amapindula nayo, wogula kapena wogulitsa?
4. Mtsikana wongobereka kumene wabwera usiku, mwana akutsekula m'mimba, ndipo ali ndi paketi ya Thanzi koma alibe choyezera. Mumuthandiza bwanji ndi zinthu za m'nyumba mwanu?

Kuno ku Ngara kapu ya gulu imakhala m'kabati ya kutchalitchi pamodzi ndi kope lathu la miyeso, ndipo amene akuphikira gulu amadzaibwereka. Amayi atatu aja anaphikanso limodzi mwezi wotsatira, madengu onse atatu anatha, ndipo odwala tinawayendera ndi shuga ndi sopo m'manja. Mukachita phunziroli, tilembereni kudzera kwa mlembi wa dayosizi kuti munapeza makapu amitundu ingati pagulu lanu.